Mchere womwe Lackson anawolotsa pa Muloza

Lackson Namaona anali wokonza njinga pa Limbuli, kufupi ndi malire a Mozambiki. Malo ake anali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, pomwe panali benchi, beseni la madzi loyezeramo machubu ndi bokosi la masipanala. Anali wamfupi, wa mapewa otambalala, wosakonda kulankhula akamagwira ntchito. Anthu a m'maesiteti a tiyi ankamudziwa, chifukwa gudumu lopindika likafika m'manja mwake linkachoka litawongoka ngati latsopano.

Ntchitoyi sanaiphunzire kuno. Mayi ake anachokera kutsidya, kuseri kwa tawuni ya Milanje, kudzathyola tiyi. Atamwalira, Lackson akadali mwana, mlongo wawo wa mayiwo, a Danieli, anabwera kudzamutenga. A Danieli anali mmisiri wa zambiri. Ankakonza njinga, kukhoma madenga ndi kumata ndowa zobooka. Iwo ndi akazi awo a Janeti anamulera ngati wobala okha. Akalakwitsa sankamumenya. Ankangomasula zonse zomwe wamanga n'kumuuza kuti, "Yambiranso, mphwanga, dzuwa likadalipo."

Atakula anabwerera ku Malawi, nakwatira Esteri, n'kukhala pachikamwini kwawo kwa mkaziyo, pafupi ndi mtsinje wa Muloza. Pa Khirisimasi ankawoloka kukaona amalume ake atanyamula shuga ndi tiyi, pobwera n'kupatsidwa nkhuku. Kenako ku Mozambiki kunabuka nkhondo ya pachiweniweni, maulendowo anayamba kuchepa, mpaka anatheratu.

Nkhondoyo inafika pa Limbuli kudzera m'masitolo. Zigawenga zomwe zinkamenyana ndi boma la kumeneko zinadula njanji zopita ku madoko a Beira ndi Nacala, ndipo katundu wa dziko lino anayamba kuzungulira njira yaitali ya kummwera. Boma linachepetsa mphamvu ya kwacha, feteleza anakwera, sopo anakwera. Machubu, matayala ndi masipoko zinasowa, ndipo zikapezeka palibe wothyola tiyi akanazikwanitsa. Anthu anayamba kupakira udzu m'matayala. Ena anangopachika njinga zawo kudenga. Lackson ankatha tsiku lonse pa benchi, n'kubwerera kunyumba atamata chigamba chimodzi.

Pachikamwini mwamuna wobwera chimanjamanja samunyoza mokweza. Amangoona kuti apongozi asiya kumufunsa maganizo. Zimenezi zinkamudya Lackson kuposa njala.

Amene anamuonetsa njira ndi Winston, wogulitsa nsomba zouma pamsika womwewo. Tsiku lina anakhala pa benchi, nayang'ana uku ndi uku.

"Achimwene, mukuvutikiranji? Kutsidyaku njinga zikungogona m'tchire."

"Za yani?"

"Za m'masitolo omwe eni ake anathawa kalekale. Anyamata a m'tchire aja alibe nazo ntchito. Iwo akufuna mchere, sopo ndi mabatire. Ndalama safuna n'komwe."

"Nanga apolisi?"

"Munthu wonyamula mchere ndi wakuba? Tikawoloka m'mawa, anthu akupita ku minda."

Lackson anakana sabata imeneyo. Sabata yotsatira anapita.

Malowo anali munda wa nthochi wosiyidwa, patsogolo pang'ono munthu akawoloka mtsinje. Anyamata a mfuti ankakhala pamthunzi, ndipo katundu ankakhala ataunjikidwa pakati: njinga, makina osokera, zitseko, mipando, miphika, malata. Ankabwera pamitu pa anthu. Lackson anawaona anthuwo tsiku loyamba lomwe, amuna ndi akazi atakhala pansi chapatali, ena atavala ziguduli, osalankhulana. Anafunsa Winston kuti ndi ndani. Winston anati ndi aganyu. Lackson sanafunsenso, ngakhale ankadziwa kuti waganyu samulondera ndi mfuti.

Njingazo ankaziphwasula n'kugulitsa zitsulo zake. Pansi pa mango paja panadzazanso anthu. Ana ake anavala yunifolomu yatsopano, feteleza analowa m'munda, ndipo chaka chisanathe anayamba kubweretsa malata, awiri lero, atatu ulendo wina, mpaka anafolera nyumba yonse. Inali nyumba yoyamba ya malata pa mudziwo. Anali malata akale, okhala ndi mabowo a misomali, koma anamata ena ndi phula ndipo akamawala padzuwa ankaonekera kumsewu. Apongozi anayamba kumutchula kuti bambo wa pano. Ku mpingo kunamveka zoti dzina lake likuganiziridwa pa ukulu wa mpingo.

M'chaka cha 1986 nkhani ya malire inakula. Atsogoleri a mayiko oyandikana nafe anadandaula kuti zigawengazo zikudyera ku Malawi, ndipo kunamveka zoti atseka malire. Ena ankanong'ona za mizinga yoloza kuno. Wailesi ya dziko lino inakana zonsezo. Masiku amenewo munthu sankayankha wailesi pagulu, koma pansi pa mango anthu odikira njinga zawo ankatsitsa mawu n'kumakambirana.

"Malire akatsekedwa tidya tiyi?" anatero kapitawo wina wa pa esiteti. "Koma amene akuwadyetsa anthu a m'tchirewa ndani? Munthu sangamenye nkhondo zaka zonsezi osalawa mchere."

Lackson anaweramira gudumu lomwe ankamanga, nalizungulitsa nthawi yaitali ngakhale linali litawongoka kale. Mumtima ankadziuza kuti akuluakuluwo akunena za mfuti ndi ndege, osati za thumba lake limodzi.

M'mawa wina m'nyengo yotentha anafika kumunda wa nthochi uja anthu onyamula katundu asanatule. Anawaona akutsika kamtunda pamzere, malata ali pamitu, manja atachekedwachekedwa ndi m'mphepete mwake. Chakumapeto kwa mzere kunali nkhalamba yovala chiguduli, yokoka mwendo. Itatula malata ake inawongoka pang'onopang'ono, n'kutembenuka.

Anali a Danieli.

Tsitsi lawo linali litayera lonse, nthiti zikuwerengeka. Anamuyang'ana Lackson, kenako anayang'ana thumba la mchere lomwe linali pa keliyala ya njinga yake.

Wamkulu wa anyamata a mfutiwo anali wocheperapo msinkhu kwa Lackson, wovala nsapato zosiyana ndi wotchi ya chizimayi. Anaona kuti wamalondayo wangoti kakasi.

"Ukumudziwa mdala ameneyu?" anafunsa m'Chilomwe.

Winston anamuponda Lackson chala.

"Ayi," anatero Lackson. "Sindikuwadziwa."

"Ndiye ukumuyang'aniranji? Tsitsa mcherewo. Iwe mdala, bwera kuno. Wanyamula zopepuka pobwera, pobwerera unyamula uwu." Analoza Lackson ndi mfuti, osati moopseza, koma ngati munthu woloza ndi ndodo. "Msenzetse."

A Danieli anagwada, napinda kansanza kuti kakhale nkhata. Lackson ananyamula thumbalo, thumba lomwe analimanga yekha ndi luzi usiku wapitawo, naliika pamutu pa amalume ake. Anamva khosi lawo likunjenjemera pansi pa katunduyo. Nkhope zawo zinayandikana kwambiri.

"Sendezera kumanzere pang'ono," ananong'ona a Danieli. "Mbali iyi kuli bala."

Anasendeza. Anawagwira mkono kuti adzuke. Mzere unanyamuka, ndipo anawaona akukwera kamtunda kaja mpaka nthochi zinawabisa.

"Tenga malata ako," anatero wa wotchi uja.

Anawatenga. Kukana kukanafuna kuti afotokoze chifukwa. Anawamanga pa njinga, ndipo powoloka mtsinje anaterereka kawiri pamalo omwe ankawadziwa bwino. Winston anamuuza kuti wachita mwanzeru, kuti akadavomera akadaphetsa nkhalambayo kapena kugwidwa iye yemwe. Malatawo anakafolera khitchini, chifukwa Esteri anawaona ndipo panalibe poti awabise.

Sanauze munthu. Anapitanso kamodzi, atanyamula mchere ndi mabatire ambiri, ali ndi maganizo oti akawombole amalume ake. Panjira anakonza mawu oti akanene, kuti akufuna nkhalamba yomuthandiza ntchito. Koma pamzere wa tsiku limenelo a Danieli panalibe. Atafunsa mozungulira za mdala wokoka mwendo, mnyamata wina anaseka nati nkhalamba sizikhalitsa pa ntchito imeneyi. Mcherewo anawusiya komweko, poti sakanabwerera nawo. Kuyambira pamenepo sanawolokenso.

Pasanapite nthawi nkhondo inafika m'tawuni ya Milanje mwenimweni, ndipo anthu anakhamukira ku Muloza miyandamiyanda. Anamanga zisakasa m'mphepete mwa msewu, m'mabwalo a masukulu, paliponse. Ambiri a pa Limbuli ankapita kukafunafuna abale awo. Esteri anamufunsa kangapo.

"Bambo a Joice, simukukayang'ana amalume? Mwina ali pagulu limeneli."

"Ndipita. Ntchito yachuluka."

Sanapite. Ankaopa kukawapeza, ankaopanso kukamva kuti anafa. Ankaopa kwambiri maso a anthu ena aja omwe ankakhala pansi kumunda wa nthochi.

Uthenga unabwera mvula itatha. Mayi wina wa m'mudzimo, yemwe ankadikirira mwana wake wodwala ku chipatala cha Mulanje Mission, anati kuli nkhalamba ya ku Mozambiki yomwe ikufunsa za Lackson wokonza njinga. Inafika itatupa miyendo, koma tsopano ikudya. Lackson anati apita mawa. Mawa lake anati pali njinga ya kapitawo yofunika msanga. Tsiku lachitatu Esteri anavala chitenje chake chopitira ku tchalitchi.

"Munthu anakulerani ameneyu," anatero. "Sindikudziwa chimene chakugwirani. Ine ndapita."

Anabwera nawo pa lole ya esiteti. Lackson anawalandira pakhomo atagwada, maso ali pansi. A Danieli anamugwira pamutu.

"Wanenepa, mphwanga," anatero.

Esteri anakapempha kwa akuluakulu a kwawo kuti m'bale wa mwamuna wake akhale nawo, ndipo sanakane, poti mkamwini wa nyumba ya malata ankamveredwa. Anawayalira m'chipinda cha ana. Ankawaphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro, nandolo ndi chinangwa, ndipo pang'onopang'ono mphamvu zinabwerera. Za a Janeti ananena kamodzi kokha. Anagwidwa limodzi, koma a Janeti anaikidwa pamzere wina, ndipo mayi wina anadzawauza kuti anatsala panjira, katundu atawalemera. Lackson sanafunse kuti anali katundu wanji.

Za kumunda wa nthochi a Danieli sanatchule. Lackson ankadzuka m'mamawa kupita ku Limbuli n'kubwerako mochedwa, kuti asakhale nawo awiriwiri. Ankawagulira malaya, fodya, nsapato za tayala. Iwo ankalandira ndi manja awiri n'kuthokoza, ndipo kuthokozako kunkamupweteka kuposa kutukwanidwa.

Lamulungu lina masana, atabwera ku tchalitchi, anawapeza atagona chagada pamphasa pabalaza. Dzuwa linali paliwombo, ndipo kuwala kunkalowa m'mabowo akale omwe phula linagwa, n'kupanga timadontho pansi. A Danieli ankayang'ana kudenga.

"Khala pansi, Lackson."

Anakhala.

"Ukuona mabowo awo, awiriawiri moyandikana? Ndani amakhoma misomali chotero?"

Lackson anayang'ana. Anali atagona pansi pa dengalo miyezi yambiri osazindikira.

"Ndinu, amalume."

"Ndine. Awa ndi a kanyumba kathu kopemphereramo. Tinasonkha chimanga zaka zitatu kuti tigule. Unali utachoka kale iwe. Anyamata a mfuti aja anatiuza kuti tikhomole tokha, ine ndi amene ndinakwera pamwamba."

Esteri anali pakhomo ndi mbale m'manja. Anaima pomwepo.

"Ndiwachotsa," anatero Lackson. "Mawa lomwe ndiwachotsa."

"Uwachotse apite kuti? Makoma anagwa. Anthu ake ena ali pa Muloza, ena ali m'nthaka. Ukawachotsa ana awa agona pamvula, basi."

Apo Lackson analephera kudzigwira. Ananena zonse, mawu akudukaduka: kuti anawakana, kuti anawasenzetsa thumba, kuti anabwerera kukawafuna koma sanawapeze, kuti uthenga wa ku chipatala utabwera anachita mantha. A Danieli anamusiya mpaka anamaliza.

"Zondikana zija usadzivute nazo," anatero. "Ukadati ndine malume ako, akadadziwa kuti ali ndi mbuzi yonenepa. Akadakukama mpaka kutha, ine osandimasula. Inenso ndikadafunsidwa ndikadakukana. Koma ndikufunse chinthu chimodzi. Tsiku lija linali loyamba?"

Lackson anayang'ana timadontho ta kuwala tija pansi.

"Linali loyamba?"

"Ayi, amalume."

"Ndinadziwa. Thumba lija linamangidwa bwino, pakamwa pake popindidwa kuti mchere usatayike munthu akamayenda ulendo wautali. Ndinati uyu wazolowera." Anatembenukira kukhoma. "Masiku enawo panalibe malume ako pamzere. Koma panali anthu."

Sanakambenso za nkhaniyi mpaka imfa yawo.

Esteri anaika mbale pansi n'kutuluka. Lackson anakamupeza kuseri kwa khitchini, atakhala pa mtondo wogonekedwa pansi.

"Mayi a Joice..."

"Musandiuze kanthu. Ine ndimadziwa kuti malata sagulidwa ndi mchere kusitolo. Sindinafunse chifukwa ndinkafuna denga. Ndinkaitana anzanga kuti adzaone." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndiye ndinapita ku Mission monyada, kukawatenga kuti adzagone m'nyumba yabwino."

Chaka chimenecho asilikali a dziko lino anatumizidwa kukalondera njanji ya Nacala kuti katundu ayambenso kuyenda. Mwana wa mayi wina wa mudzi woyandikana nawo anali m'gululo, ndipo anabwera m'bokosi. Pamaliropo Lackson anaona Winston ataima tsidya lina la manda. Onse awiri anayang'ana kumbali. Winston anapitiriza malonda ake mpaka anagula chigayo, ndipo anthu ankamutchula kuti munthu wolimbikira.

Akulu a mpingo atabwera kudzamuuza Lackson kuti wasankhidwa, anakana. Anati sadziwa kuwerenga bwino. Ena anati ndi kudzikonda, ena anati mwina ali ndi mkazi wina kumbali. Iye anawasiya aganize zimenezo.

A Danieli atachira anayamba kupita naye ku Limbuli. Ankakhala pa benchi n'kumamata machubu, ndipo othawa nkhondo ambiri ankabwera kudzacheza nawo m'Chilomwe. Ena mwa iwo ankamuyang'anitsitsa Lackson. Tsiku lina mayi wina wogulitsa nkhuni anaima patsogolo pake nthawi yaitali, kenako anafunsa a Danieli kuti, "Awa si bambo a mchere aja?" A Danieli anayankha kuti, "Ndi mphwanga," n'kupitiriza kupala chubu. Dzinalo linafala pakati pa anthu a kutsidya. Sankalitchula mokalipa. Ankangoti, pita nayo njingayo kwa bambo a mchere. Anthu a pa Limbuli ankayesa kuti ndi nthabwala ya ku Mozambiki, ndipo ena anayamba kumuitana choncho akuseka. Iye ankayankha.

Mtendere utabwera mu 1992, anthu anayamba kubwerera kwawo. A Danieli anadikira kuti mvula ithe, kenako anati akufuna kukafera pa nthaka yomwe a Janeti ankalima. Anamupempha Lackson kuti awaperekeze akawathandize kuimika kanyumba. Lackson anawagulira khasu, chikwanje, misomali ndi mbewu, nawaperekeza mpaka pa mtsinje. Pamenepo anaima.

"Sukuwoloka?"

"Ndibwera mwezi wa mawa, amalume."

A Danieli anamuyang'ana, nagwedeza mutu. Anakwinya buluku lawo n'kulowa m'madzi, mnyamata wa kwawo atawanyamulira katundu.

Mwezi wa mawawo sunafike. Chomwe chinafika, chaka chisanathe, ndi uthenga wa maliro. Ulendo umenewo Esteri sanamufunse ngati apita. Anangomuikira malaya oyera pa mpando, ndipo anawoloka limodzi.

Mudzi womwe anakuliramo sanawuzindikire. Mitengo ya mango yokha ndi yomwe inatsala pamalo pake, pansi pake pali tizisakasa ta udzu. Monga mphwawo wa malemu, anayenera kukhala kutsogolo ndi kulankhula m'malo mwa banja. Anaimirira, nathokoza anthu chifukwa chosunga amalume ake, mawu n'kumuthera pomwepo. Anthu anadikira. Ataona kuti sapitiriza, mkulu wina anayambitsa nyimbo.

Atachoka kumanda, mayi wina wachikulire anabwera ndi madzi osamba m'manja. Zala zake ziwiri zinali zopindika, ndipo m'zikhato munali zipsera zazitali zoyera, zonga zochekedwa ndi malata. Anagwada, namuthirira madzi, akumuyang'ana kumaso.

"Mwakalamba," anatero mayiyo. "Nthawi ijayi munali ndi thupi."

"Ndi zoona, mayi."

"A Danieli ankati munawasunga bwino ku Malawi."

Lackson anafuna kunena kanthu, koma mayiyo anali atadzuka kale. Anabweranso ndi chinangwa chophika ndi masamba a nyemba, naika patsogolo pake, n'kukakhala poteropo pamodzi ndi amayi anzake. Njala analibe. Koma chakudya cha pamaliro sakana, ndipo amayiwo ankamuona. Anadya mpaka mbale inayera.

Anagona komweko masiku a maliro, nathandiza kugawa tinthu tochepa ta malemu. Pobwerera Esteri anali patsogolo, iye pambuyo, mpaka kumalire. Lolemba lake anatsegula ntchito mochedwa, napeza anthu awiri akumudikira pa benchi.